Mphini ya Kumimba kwa Fulu

Padangokhala. Amene muli maso vomerani kuti tili tonse, ogona atipeza kutsogolo.

Kalelo, minda isanakhale ndi maina, kudali nkhanga zitatu zapachibale: Nasibeko wamkulu, Tinenenji wapakati, ndi Naliyera mzime. Atatuwa adali ndi munda umodzi wa mbatata umene adawasiyira mayi awo, nawonso mayiwo atasiyiridwa ndi mayi awo. Mundawo ndiwo udali nkhokwe yawo, ndiwonso manda a makolo awo, ndipo ngakhale zigoba za mazira amene iwo adaswedwamo zidakwiriridwa momwemo. Kuwalanda munda umenewo kudali kuwazula ndi mizu yomwe.

Naliyera adakwatiwa ndi Mfuko. Masiku amenewo Mfuko sankakhala pansi ayi. Adali mnyamata wa maso akuluakulu owala, wochenjera pakamwa, woti akakupatsa moni umayamba wayang'ana ngati thumba lako lilipo. Atabwera pachikamwini, Nasibeko adamudulira timizere tochepa kumapeto kwa munda.

"Limani apa, alamu," adatero Nasibeko. "Koma paja mkamwini asamakule mwendo."

Mfuko adaseka n'kuwomba m'manja kuthokoza, koma mawuwo adamulowa ngati munga wa kuphazi. Ine sindikumuikira kumbuyo, komabe zimawawa kulima chaka ndi chaka pamalo poti ukangotsokomola molakwika akusonyeza njira ya kwanu. Kuyambira tsiku limenelo adalumbira chamumtima kuti munda wonsewo udzakhala wake.

Mfumu ya dzikolo idali Njati, ndipo idatopa ndi milandu ya malire. Kukacha bwalo limadzaza: uyu akuti mnzake wadya mzere wake, uyo akuti agogo ake ankalima mpaka pachitsa, chitsacho n'kuti chidawola kalekale. Tsiku lina mfumu idatuma nduna yake Nang'omba, ya mawu ngati ng'oma, kuti ilengeze kuti munda uliwonse uikidwe miyala m'ngodya zake, ndipo pamene pakhala mwala ndiye pamalire mpaka kale.

Miyala idaikidwa, nyama zidapuma. Koma Mfuko adali ndi luso limodzi limene sankauza ngakhale mkazi wake: ankadziwa kukumba. Masana dzuwa likafika paliwombo, anzake atathawira pamthunzi, iye ankalowa pansi, n'kukafewetsa dothi mbali imodzi ya mwala, mwalawo n'kugubuduka wokha. Mawa lake chimodzimodzi.

"Alamu," adafunsa Tinenenji, "mwala uja sudali apa?"

"Udalidi pamenepo, alamu. Inenso ndadabwa. Ndaupeza ukuyenda."

"Mwala kuyenda?"

"Mwina dzuwa likuuwotcha. Inu mukapsa simusuntha?"

Kuti asamukayikire yekha, Mfuko adakasunthanso miyala ya Gwape, ya Nguluwe, mpaka ya mfumu imene. Dziko lonse lidagwidwa mantha kuti miyala yayamba kuyenda, ena mpaka ankaipatsa moni akakumana nayo. Pamenepo timizere ta mkamwini tija tidali titanenepa. Ndipo polima ankaimba kanyimbo kake kofunsa kuti kodi munda ndi wa yani, n'kudziyankha yekha kuti ndi wa amene wafika lero. Nyimbo imakoma ndi ovomera, koma iyi padalibe woivomera. Naliyera akaimva ankangowerama n'kumalimabe.

Mfumu idaitanitsa bwalo. "Mwala ulibe pakamwa," idatero, "sunganene kumene wagona. Tiike mboni zolankhula."

Adasankha njiwa. Banja lililonse la njiwa lidapatsidwa malire ake, lizitera pamenepo m'mawa uliwonse ndi kulira kuti onse amve kuti malire ndi pano. Njiwa zidalumbira pamaso pa mfumu kuti sizidzasuntha ngakhale kutagwa matalala.

Mfuko sadakangane ndi aliyense. Adangotenga mawere pang'ono n'kuwamwaza chakuno kwa malire, m'kati mwa mizere ya alamu ake. Njiwa zidatsika kudzatola, ndipo zitakhuta zidalira pomwepo. Mawa lake adamwaza chakutsogolo pang'ono, njiwa nazo zidatsata.

Nasibeko adapsa mtima. "Inu a Njiwa, dzana munkalira uko!"

"Ife? Sitinasunthe ngakhale phazi limodzi."

"Nanga mankhusu ali pamlomo panuwo?"

"Mboni nayonso imadya, mayi. Koma pamene tili pano ndiye pamalire. Tidalumbira."

Zidalumbiradi, ndipo choipa chake n'choti sizinkadziwa n'komwe kuti zikunama. Mfuko adaimbanso kanyimbo kake kaja, kufunsa yekha n'kudziyankha yekha, mokweza kuposa kale.

Mfumu Njati idakhala masiku osadya. Kenako idaitana awiri amene sankalankhula kawirikawiri pabwalo: Fulu, mkulu wa akulu onse, amene palibe ankakumbuka ubwana wake, ndi Nungu, namkungwi wotema mphini. Nang'omba adalengeza chimene atatuwo adagwirizana. Mwini munda aliyense ayende malire ake kuzungulira, Fulu akumutsata pambuyo, mbumba ndi anansi akuona. Akabwerera pamene adayambira, Nungu ateme mundawo pachigoba cha Fulu ndi munga wake, n'kutemanso pakati pake chithunzi cha phazi la mwiniyo. Koma popeza msana wa Fulu ndi wochepa ndipo minda ndi yambiri, munda umodzi ukhale ndi phazi limodzi basi.

Abale anga, ntchito imeneyo idali yoopsa kuiona. Nthawi imeneyo chigoba cha Fulu chidali chosalala ngati chipande. Nungu ankatema pang'onopang'ono, Fulu ali phee, osabuula. Munda ukatha, wina unkayambira pamzere wa mnzake, ndipo pamene msana unkadzaza, nyama zidayamba kusiya kulankhula. Zinkabwera n'kuima mozungulira, kukamwa kuli yasa. Nguluwe, amene moyo wake wonse adaona munda wake ndi mphuno yokha, adauwona wonse pamodzi, waung'ono ngati chikhadabo, utatsamira wa Gwape, wa Gwapenso utatsamira wa mdani wake. Adagwetsa misozi. Kale ndi Nkhwazi yekha amene adaliwonapo dziko chotero, koma tsopano lidali likuyenda pakati pawo ndi miyendo inayi, likuphethira.

Mfuko adazungulira Fulu kangapo. Chigoba sungachikumbe pansi, ndipo Fulu sungamukope ndi mawere. Ndiye adasiya chigobacho n'kupita kumene kudali kofewa: m'mitima ya alamu ake.

Kwa Nasibeko adati, "Alamu, ndamva kuti a Tinenenji akutsuka kale phazi. Akuti inu mwakalamba."

Kwa Tinenenji adati, "Alamu, phazi la akulu likangotemedwa, ana anu adzalima kuti? Ndikungofunsa."

Amati nkhanga zidapangana kusanapse, koma izi zidadikira moto. Tsiku lawo litafika, Fulu ndi Nungu adazipeza zikujomphana, nthenga zili mbwee. Wamkulu sankafuna wapakati, wapakati sankafuna wamkulu, ndipo onse awiri sankafuna mzime. Nungu adati akapanda kugwirizana dzuwa lisanapendeke, malo awo pachigobapo apatsidwa kwa ena.

Apa Mfuko adagwada, nkhope ili yachisoni. "Alamu anga, ndikumva kuwawa kukuonani chonchi. Ine ndine mlendo, ndilibe mbali. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Bwanji pakhale phazi langa? Lingokhala ngati chivundikiro pamphika, ndiwo zake ndi zanu."

Nasibeko ndi Tinenenji adayang'anana. Kwa iwo mkamwini adali ngati khasu lobwereka, ndipo ndani adamvapo kuti khasu lalanda munda? Aliyense adaona kuti bola mlendo kusiyana ndi m'bale wake. Naliyera yekha adatsegula pakamwa, koma azikulu ake adamuuza kuti mwana akhale chete. Mfuko adayenda malire onse, Fulu ali pambuyo, ndipo Nungu adatema kaphazi kake kokumbira pakati pa munda wa nkhanga.

M'mawa mwake Nasibeko adapita kukakumba mbatata, n'kupeza Mfuko atakhala pamtumbira, mwendo uli pamwamba pa unzake.

"Mwapempha kwa yani, alamu?"

"Kupempha? M'munda mwa amayi anga?"

"Kafunseni pamsana pa a Fulu. Koma ine si woipa mtima. Timizere tija mudandidulira ndakusungirani. Limani pamenepo, koma musakule mwendo."

Nkhanga zidathamangira kubwalo zikulira. Mfumu idamva chisoni, koma idati lamulo idaliika yokha, singalidye. Fulu adangoti, "Mphini sifufutika." Mlandu udathera pomwepo, Mfuko atapambana.

Pochoka, Nasibeko adatembenukira Mfuko. "Mwatenga m'litali, mwatenga m'lifupi. Koma pansi pa mundawo pagona amayi athu ndi amayi awo. Amenewo simudzawatenga. Bola iwo ali pamenepo, ife sitidzakhala alendo."

Wina akadasiya mawuwo kuti apite ndi mphepo. Koma wochenjera sakonda kusiya kabowo. Mfuko adaona kuti tsiku lina nkhanga zidzabwera ndi mlandu wa manda, ndiye adaimirira pomwepo.

"Wawa mfumu, ndikupempha mphini ina. Pansi pa munda wanga pakhalenso panga, kuyambira pamene khasu lilekezera mpaka kumene nthaka ithera."

Minga ya Nungu idachita phokoso yokha.

"Chiyambire palibe adapemphapo zimenezo," idatero mfumu.

"Kodi lamulo likuletsa?"

"Silikuletsa."

Naliyera adagwira dzanja la mwamuna wake. "Bambo, zakwana. Tiyeni kunyumba."

Mfuko adachotsa dzanjalo. Fulu adamuyang'ana nthawi yaitali, kenako adauza anyamata a mfumu kuti amugoneke iyeyo Fulu chagada, pakuti za pansi zitemedwa kumimba kwake. Nungu adatema, ndipo apa pokha ndi pamene Fulu adabuula. Atamudzutsa, Fulu adati, "Mwambo mukuudziwa, a Mfuko. Mwini ayende malire ake mpaka abwerere pamene adayambira. Koma uku ine sindikutsatani."

"Ndibwerako mbatata isanapse pamoto," adatero Mfuko. Adapita pakati pa munda, nyama zonse zikumuona, n'kuyamba kukumba. Nkhanga zitaona mmene dothi linkaulukira zidazindikira chimene chinkayendetsa miyala ija, koma kudali kutachedwa.

Adadutsa mizu ya mbatata akuseka. Pansi pake adapeza zigoba za mazira, ndi mafupa a nkhanga atagona mwaulemu, ndipo adawauza kuti tsopano ali kwa eni. Adakumbabe. Adapeza mizere ina yakale, yoyang'ana kwina, ndi makasu odyeka mpaka kuchepa ngati tsamba. Amenewo sadali a nkhanga. Pansi pa mizereyo padali phulusa, mapale ndi mafuwa a mudzi umene palibe adaumvapo dzina, ndipo pansi pa mudziwo padalinso mizere. Paliponse adapeza miyala ya m'ngodya, ili njo pamalo pake, ikulondera minda imene kulibe. Kuseka kudamuthera.

Kenako zala zake zidagunda chinthu cholimba. Adachipapasa. Chidali chigoba cha fulu, chachikulu kuposa nkhokwe, m'kati mopanda kanthu, ndipo pamsana pake ponse padali mphini: minda yogundanagundana, uliwonse ndi phazi lake pakati. Mapazi ena adali a nyama zimene iye sadazionepo. Pansi pa chigobacho padali china, chakale kuposa icho, chotemedwanso. Mfuko adabweza zala zake msanga. Iye ankayesa kuti nzeru ya Njati idayamba dzana.

Kuti adzilimbitse mtima adayamba kanyimbo kake kaja. Adafunsa, ndi mawu aang'ono, kuti munda ndi wa yani. Asanadziyankhe, nthaka idavomera. Mawu adachokera m'mwamba, m'mbali ndi pansi, a akazi ndi amuna, a nkhanga ndi a zamoyo zopanda dzina, ochuluka ngati mvula ikamabwera patali, ndipo onse ankayankha mawu ake omwewo, akuti munda ndi wa amene wafika lero. Sankamunyoza ayi. Ankaimba mofatsa, monga aimbira anthu amene aliyense wa iwo adaiimbapo nyimboyo pa tsiku lake. Kumtunda nyama zidaimva ikulowa m'mapazi mwawo, ndipo Njati, mfumu yathunthu, idagwada pansi.

Nyimbo itatha, padabwera Nyongolotsi, yonenepa ngati munsi, yopanda maso, mlonda wa pakhomo la kumeneko.

"Takulandirani, eni munda," idatero. "Mwafika msanga. Anzanu amabwera atagona."

"Ine ndangodzayenda malire, agogo. Ndionetseni pothera nthaka, ndizibwerera."

"Pothera? Ine munda uwu ndaumeza ndi kuulavula kambirimbiri, koma pothera sindinapaone."

"Nanga awa oimbawa ndani?"

"Eni ake. Aliyense adauyenda, aliyense adatemetsa phazi lake. Kumtunda kuja kumakhala olima. Eni amakhala kuno."

Mfuko adayesa nzeru zake zonse. Adati iye ndi mkamwini chabe, phazi lake lidali chivundikiro. Adati mphini ya kumimba siwerengedwa chifukwa palibe amaiona. Adati wasiya mbatata pamoto. Nyongolotsi idamvetsera mpaka adatha mawu.

"Mphini sifufutika, mwana wanga. Ena onsewa adapempha pamwamba pokha, nthaka n'kuwabwereka mpaka tsiku lawo. Iwe wapempha pansi, ndipo wapatsidwa. Palibe akukumanga. Yenda malire ako, ukabwerera pamene udayambira utuluke."

Kumtunda adadikira mpaka mbatata ya pamoto idasanduka khala. Adadikira mwezi, adadikira mvula. Potsiriza mfumu idalamula kuti mpaka mwini atabwerako, mundawo ulimidwe ndi amene ankaulima kale. Nasibeko ndi Tinenenji adabwerera m'mizere ya mayi awo, koma sadavine kapena kululutira. Adali atamva mawu a mayiwo m'nyimbo ija, pakati pa mawu a alendo osawerengeka, ndipo kuyambira pamenepo ankatsitsa khasu mofatsa.

Tsiku lina Naliyera akupalira, dothi lidatukuka pafupi ndi phazi lake. Padatuluka kamphuno, kenako kankhope. Maso akuluakulu aja adali atachepa ngati njere za mawere, ndipo kuwala kutawagunda adatsinzina ndi ululu. Naliyera adataya khasu n'kugwada. Adali atamukwiyira miyezi yonseyo, koma atamuona chifundo chidamugwira.

"Bambo, ndinu?"

"Ndine, mayi. Ndangodzapuma mpweya."

"Tulukani. Alamu anu sakusungirani mlandu. Timizere tanu tija tilipo."

"Sindingathe. Sindinafike pamene ndidayambira."

"Nanga malire ake mwawaona?"

Mfuko adakweza mphuno n'kununkhiza fungo la kholowa.

"Ndi waukulu, mayi," adatero motsitsa. "Munda wanga ndi waukulu. Inu limani."

Adabwerera pansi, dothi lidatseka. Naliyera adakhala pamenepo mpaka misozi idauma, kenako adatola khasu n'kulambalala kamuluko osakaphwanya.

Mpaka lero fulu aliyense amabadwa ndi minda pamsana ndi mphini kumimba, ndipo mpaka lero mukaona timilu ta dothi latsopano titandandalikana m'munda mwanu, dziwani kuti mwini wake wadutsa, akadayendabe malire. Yanga yathera pamenepa. Amene mudaika mbatata paphulusa kaiphuleni, ija ya Mfuko idapserera.